Colowa kapena lonjezo: kumene mkangano wa abstract class na interface unacokela

Aliyense amene anayambako kuphunzila Java kapena C#, kaya ku koleji kapena pa YouTube na ka bundle ka usiku, anakumanako na funso ili: kodi abstract class imasiyana bwanji na interface? Yankho lake anthu amaliloweza monga ndakatulo ya ku pulaimale. Ati abstract class ingakhale na code mkati, interface ilibe. Ati class ingakhale na kholo limodzi cabe, koma ma interface ingatenge ambili. Mfundo yaciwili ikali yoona. Yoyamba inaleka kukhala yoona mu Java mu 2014, ndipo mu C# inagwa mu 2019, koma manotsi ambili amene amayenda m'magulu a WhatsApp akali kuibweleza.

Sinifuna kukupatsani tebulo lina lakuti mulowezenso. Nifuna tione kumene zinthu ziwilizi zinacokela, cifukwa ciliconse cinapangidwa na munthu amene anali na vuto lake patebulo, ndipo mukadziwa vutolo mumadziwanso nthawi imene lamulo limene munaloweza lasiya kugwila nchito.

Kwa amene akali kuyamba: class ni pulani, object ni cinthu comangidwa pa pulaniyo, method ni nchito imene cinthuco cingacite. Abstract class ili monga nyumba imene kholo lamanga mpaka pa mawindo n'kusiya. Maziko alipo, zipupa zilipo, koma simungagonemo mpaka mwana aikepo denga. Interface ili monga laisensi yoyendetsela motoka. Siifunsa kuti ndiwe mwana wa ndani, imangolonjeza kuti munthu uyu adziwa kuyendetsa. Cimodzi ni colowa, cinaco ni lonjezo.

Nkhani ya colowa iyambila ku Oslo, m'dziko la Norway, pa Norwegian Computing Center. Kumeneko a Kristen Nygaard na a Ole-Johan Dahl anayamba ca m'ma 1962 kupanga cinenelo ca kompyuta coyesela mmene zinthu zimayendela m'moyo, monga mizele ya anthu na makina a m'mafakitale, kuti munthu aone zotulukapo asanawononge ndalama. Anacipatsa dzina lakuti Simula. Cakumapeto kwa 1966 anali kuganizila citsanzo ca toll gate ya pa mlatho, pamene mathilaki, mabasi na motoka zing'ono-zing'ono zaima pa mzele umodzi. Iliyonse ifunika kudziwa amene ali kutsogolo na amene ali kumbuyo kwake. Koma thilaki ili na katundu wake, basi ili na anthu ake. Kulemba code ya mzele katatu kunali kutaya nthawi. Conco anati: tilembe za mzele kamodzi cabe, ndiyeno thilaki na basi zitengeko n'kuwonjezapo zawo. Maganizo a Tony Hoare wa ku Britain pa nkhani ya kugawa ma record m'magulu anawathandiza kwambili. Mu May 1967, pa msonkhano wa ku Lysebu pafupi na Oslo, anaonetsa zimene zinadzakhala Simula 67, na class na subclass zake.

Mu Simula 67 munalinso liwu lakuti virtual. Kholo linali kutha kuchula dzina la nchito osailemba, n'kusiyila ana kuti aliyense ailembe mwa njila yake. Mbewu ya abstract class ni imeneyi, olo kuti dzinalo linali lisanabwele. Ndipo class iliyonse inali na kholo limodzi cabe.

Napatukako pang'ono. A Nygaard sanali munthu wongokhala pa kompyuta. Anagwilapo nchito na mabungwe a anchito a ku Norway, ndipo ni iwo anatsogolela gulu lokana kuti dzikolo liloŵe mu European Union, limene linapambana pa voti ya 1994. Iwo na a Dahl anapatsidwa Turing Award ya 2001, ndipo onse awili anamwalila mu 2002, mosiyana na milungu 6 cabe.

Nkhani ya lonjezo inacokela kwina, ku America, ndipo vuto lake linali losiyana. Mapulogilamu anali kukula, anthu olemba anali kuculuka, ndipo wina akasintha kanthu kuno, kwina kunali kugwa. Mu 1972 a David Parnas analemba pepala lonena kuti pulogilamu iyenela kugawidwa m'zigawo zimene ciliconse cibisa cinsinsi cake, maka-maka zinthu zimene zingadzasinthe, n'kuonetsa cabe khomo lolowela. Ca m'ma 1974 a Barbara Liskov na ophunzila awo pa MIT anayamba cinenelo cochedwa CLU, cozikidwa pa mfundo yofananayo: cinthu cidziwike na nchito zimene cimacita, mkati mwake musasuzumilemo. Anali kuidziwa Simula, koma colowa sanaciikemo mu CLU. Conco kucokela m'ma 1970 panali kale zolinga ziwili. Ena anali kufuna kusalemba code imodzi kawili. Ena anali kufuna kuti kusintha kwa mnzako kusakugwetse. Cisokonezo cambili ca pambuyo pake cinabwela cifukwa cida cimodzi, class, cinapatsidwa nchito zonse ziwili.

Ku Xerox PARC ku California, gulu la a Alan Kay, a Dan Ingalls na a Adele Goldberg linaonetsa ukoma wa colowa mu Smalltalk-80. Muli class yochedwa Collection, kholo la zonse zosunga zinthu zambili pamodzi. Mwana akangolemba method imodzi yochedwa do:, yoyenda pa cinthu cimodzi-cimodzi, amalandila kwaulele kusefa, kufufuza na kuona ngati cinthu cilimo. Kholo lenilenilo silidziwa kuyenda. Mkati mwa do: yake muli cabe mawu akuti subclassResponsibility, kutanthauza kuti iyi ni nchito ya mwana. Koma kunalibe woyang'anila pakhomo. Mwana akaiwala kulemba, munali kudziwa pokhapo pulogilamu ikagwa ili mkati moyenda. Anthu a Smalltalk anali kugwilitsilanso nchito liwu lakuti protocol pochula gulu la mauthenga amene cinthu cimamva. Liwuli mulisunge, tikumana nalo kutsogolo.

Amene anaika woyang'anila pakhomo m'cinenelo cimene anthu ambili anali kuseŵenzetsa ni a Bjarne Stroustrup a ku Denmark. Anagwilitsilapo nchito Simula pocita PhD ku Cambridge, anaikonda mmene inali kukonzela maganizo, koma inali kucedwa kwambili. Atafika ku Bell Labs mu 1979 anayamba kuika ma class mu C, ndipo mu 1983 cinenelo cinachedwa C++. Abstract class inaloŵa mu Release 2.0 ya 1989. A Bertrand Meyer anali atacita kale zofanana mu Eiffel na ma class amene anawacha deferred, koma C++ ndiyo inafika kwa anthu ambili. Ngati munadabwapo cifukwa cake mu C++ mumalemba = 0 kumapeto kwa method m'malo mwa liwu lomveka monga abstract, yankho ni ndale za pa nchito. A Stroustrup anafotokoza okha pambuyo pake kuti nthawi inali itatha, ndipo sanaone mwayi wakuti anthu angavomeleze liwu latsopano m'cineneloco. Cizindikilo cimene ophunzila akali kuvutika naco lelo cinabadwa conco.

Release 2.0 imodzimodziyo inabweletsanso cinthu cina: class kukhala na makolo awili kapena kuposapo. Apa m'pofunika kucedwapo, cifukwa zonse zotsatila zicokela pano. Mu library ya C++ muli istream yowelenga na ostream yolemba, ndipo zonse ziwili ni ana a ios, imene imasunga zinthu monga cizindikilo cakuti zinthu zalakwika. Ndiyeno pali iostream, yowelenga na kulemba, mwana wa onse awili. Manje funso: mdzukulu uyu alandile katundu wa agogo kamodzi kapena kawili? Akalandila kawili, mbali yowelenga ingaone kuti zalakwika pamene mbali yolemba ikuona kuti zonse zili bwino. Akalandila kamodzi, ndani mwa makolo awiliwo ayambe kuukonza? Ukajambula ubalewu papepala umaoneka monga dayamondi, ndiye dzina limene vutoli linatenga. C++ inalithetsa na virtual base class, ndipo njilayo imagwila nchito, koma malamulo ake ni ambili. Onani kuti cimene cikanganitsa apa ni katundu, kutanthauza data imene object imasunga. Maina a ma method paokha savuta kwambili.

Pamene izi zinali kucitika, kampani ya NeXT ya a Steve Jobs inali kuseŵenzetsa Objective-C, cinenelo cimene a Brad Cox na a Tom Love anapanga kuciyambi kwa m'ma 1980 mwa kusakaniza C na maganizo a Smalltalk. A ku NeXT anatenga liwu lija lakuti protocol n'kulipanga kukhala cinthu cimene compiler ingayang'ane: mndandanda wa maina a ma method, wopanda code, wopanda data. Class ili na kholo limodzi, koma ingalonjeze ma protocol ambili.

Ku Sun Microsystems, a James Gosling, a Mike Sheridan na a Patrick Naughton anayamba Green Project mu 1991, pofuna cinenelo ca tuzipangizo twa m'nyumba. Poyamba cinali Oak, mu 1995 cinakhala Java, ndipo JDK 1.0 inatuluka mu January 1996. Anakana makolo awili. M'malo mwake anaika interface, ndipo a Naughton anadzalemba poyela kuti anaitengela ku protocol ya Objective-C. Nzelu yake ni yosavuta. Malonjezo awili ofanana samenyana. Ngati ma interface awili onse afuna method yochedwa close, mumailemba kamodzi ndipo onse akhutila. Palibe katundu wa agogo wogawana, kaili interface ilibe katundu. Abstract class anaisunga, ya amene afuna kusiyila ana code yokonzeka. Tebulo lija limene mumaloweza linabadwa apa, ndipo linakhala loona kwa zaka 18.

Pali cinthu cimodzi cimene cimasokoneza anthu. Buku lochuka la Design Patterns la a Erich Gamma, a Richard Helm, a Ralph Johnson na a John Vlissides limalangiza kuti code yanu idalile zimene cinthu cilonjeza kucita, osati mmene cinapangidwila. Ambili amamva monga likuti seŵenzetsani interface ya Java paliponse. Koma bukulo linatuluka mu 1994, Java isanaonekele, ndipo zitsanzo zake zili mu C++ na Smalltalk. Lonjezo limene anali kukamba nthawi zambili linali kulembedwa na abstract class.

Java yeniyeniyo inaonetsa mwamsanga kuipa kwa colowa cosaganizila bwino. Stack ni mulu umene uyenela kuika na kucotsa pamwamba cabe, monga mbale. Koma mu JDK 1.0 anaipanga mwana wa Vector pofuna kubweleka code yake, ndipo inalandila zonse, kuphatikizapo method yoloŵetsa cinthu pakati pa mulu. Mpaka lelo zili conco, cifukwa kucotsa kungagwetse mapulogilamu akale. A Liskov anali atacenjezapo kale pa msonkhano wa OOPSLA mu 1987 kuti mwana ayenela kutha kuima m'malo mwa kholo popanda kudabwitsa aliyense, ndipo kubweleka code pakokha si cifukwa cokwanila copangila ubale.

Koma interface nayo inali na munga wake, ndipo uwu ndiwo nimaona kuti aphunzitsi ambili sauchula. Lonjezo ukalitulutsa sungaliwonjezele. Tinene kuti anthu 1,000 alemba ma class otsatila interface yanu. Mukaikamo method imodzi yatsopano, onsewo asanduka ophwanya lonjezo, ndipo code yawo ikana kumangika. Zinacitikadi na JDBC, njila imene Java imakambila na ma database: ma method atsopano atawonjezedwa ku Connection, code yakale ya ma driver inafunika kukonzedwa kuti imangike. Njila yozemba inali yoseketsa. M'malo mosintha interface yakale, munali kupanga ina n'kuika nambala kumapeto. Ndiye cifukwa cake mu Java muli LayoutManager2, mu Eclipse muli IWorkbenchPart2 na IWorkbenchPart3, ndipo mu COM ya Microsoft, mmene lamulo linali lakuti interface ikatuluka isasinthidwenso, muli IClassFactory2. Abstract class ilibe vuto ili. Kholo lingawonjeze method yatsopano pamodzi na code yake, ana n'kungoilandila.

Panalinso kutopa. MouseListener ya mu JDK 1.1 ili na ma method 5. Olo mufune cabe kudziwa kuti munthu wadina, munafunika kulemba onse 5, anayi ali opanda kanthu. Conco anapanga MouseAdapter, abstract class yongodzaza mipata. A Joshua Bloch, pokonza Collections Framework ya Java 1.2 mu 1998, anaipanga njilayi kukhala mwambo: List ni interface, ndipo pambali pake pali AbstractList. Mukalemba get na size cabe, mwapeza list yathunthu yowelenga. Amene ali kale na kholo lina angatsatile List mwacindunji n'kulemba zonse yekha. M'buku lawo la Effective Java la 2001 a Bloch analangiza kukonda ma interface. Koma mu 2005 a Krzysztof Cwalina na a Brad Abrams a ku Microsoft, m'buku la malangizo a .NET, analangiza zosiyana: kondani ma class, cifukwa angakule popanda kugwetsa anthu. Kwa ine onse anali kukamba zoona, kungoti anakhala pa mipando yosiyana. A Bloch anali kuganizila munthu wobwela na class yake amene safuna kulandidwa malo amodzi a kholo. A ku Microsoft anali kuganizila tsiku limene adzafunika kuwonjezela cinthu pa library imene anthu mamiliyoni akuidalila.

Tsiku limenelo linafikila Java yeniyeniyo. Pokonza Java 8, gulu la a Brian Goetz linafuna kuika ma lambda na ma stream, ndipo panafunika kuti Collection ikhale na method yochedwa stream, Iterable ikhale na forEach. Kuwonjezela mwa njila yakale kukanagwetsa class iliyonse ya mtunduwu imene inalembedwa kucokela mu 1998. Kupanga Collection2 kukanakhala manyazi. Conco mu March 2014 anabweletsa default method: interface manje ingakhale na code. Dayamondi inabwelako pang'ono, koma anaipatsa malamulo aafupi. Code ya mu class imapambana ya mu interface, ndipo ma interface awili akabweletsa method imodzi yosemphana, compiler imakana mpaka inu musankhe. Java 9 mu 2017 inalola na ma private method mu interface. C# 8.0 inatsatila mu 2019.

Maganizowa sanali acilendo. Mu 2003 akatswili a pa yunivesite ya Bern ku Switzerland, pamodzi na a Andrew Black, anafotokoza ma trait, timitolo twa ma method topanda data, ndipo Scala inatenga dzinali. Zinenelo zatsopano zinapitilila. Go, imene Google inalengeza mu 2009, ilibe colowa ca ma class olo pang'ono, ndipo simufunika kulemba kuti mukutsatila interface. Mukakhala na method yochedwa Read yooneka moyenela, ndinu Reader basi. Rust 1.0 ya 2015 nayo ilibe colowa ca ma class, ili na ma trait. Caka cimodzimodzico Swift 2 ya Apple inalola kuika code mu ma protocol. Pa zaka pafupi-fupi 50 kucokela ku Lysebu, mbali ya lonjezo inatenga nchito yambili imene inali ya colowa.

Nanga catsala n'ciani? Katundu. Mu Java, abstract class ingasunge data ya object iliyonse, ingakhale na constructor yoonetsetsa kuti datayo yayamba bwino, ndipo ingabise zina kuti ana okha azione. Interface singacite izi. Ndipo cifukwa ca katunduyo, kholo likali limodzi. Ni mzele umodzimodzi umene dayamondi ya 1989 inaonetsa. Conco niona kuti funso lothandiza polemba code si lakuti pali code yogawana kapena ayi. Funsani ngati pali data imene ana onse afunika kuisunga na kuiteteza mofanana. Ngati ilipo, ndipo anawo ni anu, abstract class ili bwino. Ngati mufuna cabe kuti zinthu zosiyana-siyana, zina zolembedwa na anthu amene simudzakumana nawo, zitheke kuloŵa pa khomo limodzi, yambani na interface, ndipo ikhale yaing'ono.

Musaganize kuti default method inathetsa zonse. Nkhani yaposacedwa ikhudza mafoni amene ali m'matumba mwathu. Java 21, ya mu September 2023, inawonjezela removeFirst na removeLast ku List monga ma default method. Koma Kotlin, cinenelo cimene Google imalimbikitsa pa Android, inali kale na ma function a maina amenewa, oikidwa kunja kwa List monga ma extension. Lamulo la Kotlin ni lakuti method ya mkati imapambana ya kunja. Android 15 itatenga List yatsopanoyi mu 2024, munthu womanga app yake pa API 35 anapeza kuti mzele umene sanaukhudze n'komwe wayamba kuitana method ya Java 21 m'malo mwa ya Kotlin. Pa foni ya Android 15 zonse ziyenda. Pa Android 14 kupita pansi method imeneyo kulibe, ndipo app imagwa na NoSuchMethodError. Wolemba app amene amayesela pa foni yatsopano sangaone kanthu. Amene amaona ni kasitomala wa ka Tecno kapena itel ka zaka zitatu, ndipo kuno kwathu amenewo si ocepa. Malangizo a Google ni akuti m'malo mwa removeFirst mulembe removeAt(0), ndipo m'malo mwa removeLast mulembe removeAt na lastIndex ya list yanu. Ngati muli na app ya Kotlin ndipo mwakweza compileSdk kufika pa 35, fufuzani maina awiliwa mu code yanu musanaitumize pa Play Store.